Kodi Linux imadziwa bwanji njira yoyendetsera fayilo? Mafunso ndi mayankho

Kuno ku Mzuzu ndimathandiza achinyamata amene aika Linux pa malaputopu awo. Ena ndi ophunzira a ku yunivesite ku Luwinga, ena amadziphunzitsa okha kunyumba ku Chibavi, ku Katawa ndi ku Mchengautuwa. Mafunso amene amabwera nawo sasiyana kwenikweni. Munthu watsitsa pulogalamu usiku ndi bandulo yake yomaliza, kukacha ikukana kuyenda, ndiye akufuna ayitsitsenso kapena afufute kompyuta yonse n'kuyambiranso. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa nthawi zambiri fayiloyo imakhala ilibe vuto, ndipo uthenga wa pa sikirini umakhala utanena kale pamene pavuta. Kuti uthengawo muumve, muyenera kudziwa zimene kernel, mtima wa Linux umene umalamulira makina onse, imachita m'kanthawi kochepa kamene kali pakati pa kudina Enter ndi kuyamba kwa pulogalamu. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ndimafunsidwa kawirikawiri.

Chimachitika n'chiyani ndikalemba dzina la pulogalamu n'kudina Enter?

Amene amalandira zimene mwalemba ndi shell, pulogalamu yowerenga malamulo a pa terminal, kwa ambiri a ife ndi bash. Shell siyendetsa yokha pulogalamu. Imabereka kaye process (pulogalamu imene ikuyenda) ina yofanana nayo, kenako mwanayo amapempha kernel kudzera m'pempho lotchedwa `execve`. Pempholi limanyamula zinthu zitatu: njira yopita kumene kuli fayilo, mawu amene mwalemba pambuyo pa dzina la pulogalamu, ndi mndandanda wa zinthu monga PATH ndi HOME.

Kernel ikalandira, imatsegula fayiloyo n'kuona ngati muli ndi chilolezo choiyendetsa. Ngati chilipo, imawerenga ma byte 256 oyambirira okha. Kale inkawerenga 128, koma anawonjezera mu Linux 5.1 m'chaka cha 2019. Ma byte amenewa ndi amene imakaonetsa kwa ma loader ake, mmodzimmodzi, mpaka atapezeka woizindikira fayiloyo.

Nanga loader ndi chiyani?

Ndi kachigawo ka kernel kamene kamadziwa mtundu umodzi wa fayilo: mutu wake uli pati, malangizo a purosesa ali pati, ndi mbali ziti zoyenera kuikidwa pati mu memory. Mu Linux amatchedwa binfmt. Pa laputopu wamba mupezapo `binfmt_elf` ya mapulogalamu enieni, `binfmt_script` ya ma script, mafayilo a malamulo olembedwa m'mawu oyamba ndi `#!`, `binfmt_misc` imene mungaiphunzitse nokha mitundu yatsopano, ndiponso ina ya ELF yolandira mapulogalamu akale a 32-bit pa makina a 64-bit. Palinso `binfmt_flat` ya timakina ting'onoting'ono, koma imeneyo simukumana nayo pa laputopu.

Ganizirani katundu amene wafika mudepoti m'tauni muno opanda mwini wake, koma pa thumba palembedwa kumene akupita. Wonyamula akudutsa naye pa mzere wa maminibasi. Kondakitala wa ku Karonga wawerenga n'kunena kuti si wake. Wa ku Nkhata Bay nayenso wakana. Wa ku Rumphi wati bweretsani. Kernel imachita chimodzimodzi, m'ntchito yotchedwa `search_binary_handler` imene ili mu fayilo ya `fs/exec.c`. Loader ikaona kuti fayilo si yake imayankha `ENOEXEC`, ndipo kernel imapita kwa yotsatira.

Apa pali mfundo imene ambiri amaiphonya. Ndi yankho la `ENOEXEC` lokha limene limapititsa fayilo kwa loader ina. Loader ikanena kuti fayilo ndi yakedi koma pali chosoweka, kufufuza kumathera pomwepo, ndipo chifukwa chake n'chimene chimakufikani pa sikirini. N'chifukwa chake mauthenga amasiyana, ndipo kusiyanako kumakuuzani kuti ulendo unaima pati.

Kodi dzina la fayilo, monga .sh kapena .exe, silithandiza?

Kwa kernel ya Linux, ayi. Amene tinakulira pa Windows zimativuta kuvomereza, chifukwa kumeneko ukasintha mchira wa dzina, fayilo imatsegulidwa ndi pulogalamu ina. Kuno mutha kutenga `/bin/ls`, kuikopera kwanu, kuitcha `nyimbo.mp3`, ndipo mukaiyendetsa pa terminal ikuonetsani mafayilo anu monga mwa nthawi zonse. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Kernel imayamba yang'amba nkhuyuyo, siikhulupirira khungu. Malo okhawo amene mchira wa dzina umagwira ntchito ndi mu `binfmt_misc`, ndipo pokhapokha wina atalembetsa mchirawo mwadala.

Ma byte oyambirirawo amaoneka bwanji?

Mutha kuwaona nokha. Lembani `xxd -l 20 /bin/ls`. Anayi oyamba akhala `7f 45 4c 46`, kutanthauza nambala 127 yotsatana ndi zilembo E, L, F. Chimenechi ndiye chidindo cha ELF, dzina lake lonse Executable and Linkable Format. Byte yachisanu ikakhala 1 ndiye kuti pulogalamuyo ndi ya 32-bit, ikakhala 2 ndi ya 64-bit. Yachisanu ndi chimodzi imanena dongosolo la kalembedwe ka manambala aakulu. Mukadumpha ma byte 18 kuchokera poyamba, mupeza nambala ya purosesa imene pulogalamuyo anaipangira: 62 ndi x86-64 ya malaputopu athu a Intel ndi AMD, 3 ndi x86 yakale ya 32-bit, 40 ndi ARM ya 32-bit, 183 ndi ARM ya 64-bit imene ili m'mafoni ambiri ndi m'timakompyuta ting'onoting'ono ta Raspberry Pi tatsopano, 243 ndi RISC-V. Pa `xxd` manambalawa amaoneka mu hex, choncho 62 muiona ngati `3e`.

Simuyenera kuloweza zonsezi. Lamulo la `file` limakuwerengerani n'kukuuzani m'mawu, ndipo `readelf -h` limatambasula mutu wonse. Koma ndimakonda kuti munthu aone ma byte ndi maso ake kamodzi kokha, chifukwa akatero mantha amatha. Amazindikira kuti pulogalamu ndi fayilo ngati ina iliyonse, yokhala ndi chizindikiro pamphumi.

Mafayilo a .exe a Windows amayamba ndi zilembo MZ, zomwe ife timazionanso pa manambala a galimoto za kuno. Kumeneko zikuimira Mark Zbikowski, mmodzi wa amene anapanga MS-DOS ku Microsoft.

Ndani amafunsidwa koyamba?

`binfmt_misc`. Ma loader ena akamalembetsa amaima kumbuyo kwa mzere, koma iyi imadziika kutsogolo. Kenako pamabwera ya ma script, kenako ya ELF. Pakati pa ziwiri zomalizazi zilibe kanthu kuti ndani wayamba, poti fayilo singayambe ndi `#!` komanso ndi chidindo cha ELF nthawi imodzi. Koma kutsogola kwa `binfmt_misc` kuli ndi tanthauzo lalikulu, ndipo tibwererako.

Ndikuona "cannot execute binary file: Exec format error". Fayilo yanga yawonongeka?

Kawirikawiri ayi. Uthengawu ukutanthauza kuti ma loader onse afunsidwa ndipo onse akana. Chifukwa chofala kwambiri n'chakuti mwatsitsa pulogalamu ya purosesa ina. Pa tsamba lotsitsira pamakhala mafayilo angapo a mayina ofanana, ina yolembedwa amd64 kapena x86_64, ina arm64 kapena aarch64. Amd64 ndi arm64 amasiyana zilembo ziwiri zokha, ndipo munthu wotopa usiku amadina yolakwika mosavuta. Loader ya ELF imaona chidindo chake bwinobwino, koma ikafika pa nambala ya purosesa n'kupeza 183 pamene makina ndi a 62, imakana.

Musanathe bandulo ina, lembani `uname -m` kuti mudziwe makina anu, kenako `file` pa fayiloyo, muyerekeze. Safunsa anadya phula. Mukapeza kuti laputopu yanu ikuti `i686`, ndiye kuti munaika Linux ya 32-bit, ndipo kernel yoteroyo siyendetsa pulogalamu ya 64-bit ngakhale purosesa yake itakhala yotha kutero. Izi ndimazipeza pa makina akale amene anthu amagula pa mtengo wotsika.

Nthawi zina fayiloyo si pulogalamu n'komwe. Mwina ndi zip imene simunamasule, mwina ndi .exe ya Windows, mwina ndi ya macOS.

Fayilo ndikuiona ndi maso anga, koma ikuti "No such file or directory". Zikutheka bwanji?

Funso limeneli ndi limene lasowetsa anthu ambiri tulo, ndipo inenso linandizunguza mutu masiku angapo pamene ndinkayamba. Yankho lake n'lakuti fayilo imene ikusowa si imene mwalemba dzina lake. Ikusowa ndi ina, imene fayilo yanuyo yaitchula m'kati mwake.

Mapulogalamu ambiri a ELF sayenda okha. Amadalira ma library, zidutswa zimene mapulogalamu ambiri amagawana, monga libc, ndipo pamafunika wina woti awasonkhanitse n'kuwalumikiza pulogalamu isanayambe. Ntchito imeneyi kernel siigwira. M'malo mwake, m'kati mwa ELF muli kagawo kotchedwa `PT_INTERP` kamene kali ndi njira yopita kwa wolumikizayo. Pa Ubuntu, Debian, Mint kapena Fedora ya 64-bit njirayo ndi `/lib64/ld-linux-x86-64.so.2`. Loader ya ELF imatsegula fayilo imeneyo, imaiika mu memory pamodzi ndi pulogalamu yanu, ndipo imayambitsa wolumikizayo poyamba. Iye akamaliza kukoka ma library ndiye amapereka mpata kwa pulogalamu yanu. Tsono wolumikizayo akapanda kupezeka, kernel imayankha kuti fayilo palibe, ndipo shell imakuuzani zimenezo moika dzina la pulogalamu yanu patsogolo. Ma version atsopano a bash amanena momveka pang'ono kuti "cannot execute: required file not found", koma sakuuzanibe kuti ndi iti.

Izi zimachitika m'njira zitatu zimene ndimakumana nazo. Yoyamba ndi pulogalamu ya 32-bit pa Linux ya 64-bit. Kernel imatha kuilandira, koma pulogalamuyo ikufuna `/lib/ld-linux.so.2` imene sinaikidwe. Pa Ubuntu ndi Debian mumaipeza poika libc ya i386. Yachiwiri imagwera amene akuphunzira Docker, pulogalamu yoika mapulogalamu m'timabokosi totchedwa ma container: apanga pulogalamu pa Ubuntu n'kuiika mu container ya Alpine Linux pofuna kuti ikhale yaing'ono. Alpine sigwiritsa ntchito libc ya glibc koma ina yotchedwa musl, ndipo wolumikiza wake ndi `/lib/ld-musl-x86_64.so.1`. Pulogalamu yochokera ku Ubuntu ikuitana dzina limene kumeneko kulibe. Kuti mudziwe amene pulogalamu yanu ikumufuna, `file` imalemba njirayo pambuyo pa mawu akuti interpreter, ndipo `readelf -l` imaionetsanso.

Yachitatu ndi ya ma script olembedwa pa Windows. Kumeneko mzere uliwonse umatha ndi zizindikiro ziwiri zosaoneka, pamene pa Linux ndi chimodzi. Kernel ikawerenga `#!/bin/bash` imatenganso kachizindikiro kowonjezerako ngati mbali ya dzina, n'kumafufuza pulogalamu yotchedwa bash yokhala ndi kamchira kosaoneka. Yoteroyo kulibe. Mukaona `^M` kapena `\r` mu uthenga, vuto ndi limeneli, ndipo `dos2unix` imalikonza m'kamphindi. Mtsikana wina anabwera kwa ine ali pafupi kulira, ntchito yake yoti apereke mawa lake ikukana kuyenda pa kompyuta ya kusukulu pamene kunyumba anailemba bwinobwino mu Notepad. Analemba zonse molondola. Chinamugwetsa chinali byte imodzi yokha imene sakanatha kuiona.

Ndiye mzere wa #! umagwira ntchito bwanji kwenikweni?

Nzeru imeneyi anailowetsa mu kernel ya Unix ndi Dennis Ritchie mu 1980. Loader ya ma script imaona ngati ma byte awiri oyamba ndi `#` ndi `!`. Ngati ndi choncho, imawerenga njira imene yatsatira, yopita kwa womasulira woti awerenge scriptyo, n'kusintha pempho lonse. Mukakhala mwalemba `./moni.py`, ndipo mzere woyamba ndi `#!/usr/bin/python3`, pempho limasanduka `/usr/bin/python3 ./moni.py`. Kenako kernel imayambiranso pa chiyambi cha mzere wa ma loader ndi fayilo yatsopanoyo. Python3 ndi ELF, choncho loader ya ELF imailandira, n'kuitana wolumikiza uja. Mwadina Enter kamodzi, koma kernel yatsegula mafayilo atatu.

Pali timisampha tingapo. Zizindikiro ziwirizo ziyenera kukhala poyambirira penipeni. Mzere wopanda kanthu pamwamba pake, kapena ma byte atatu osaoneka amene mapulogalamu ena a Windows amaika kumayambiriro a fayilo ya UTF-8, zimachititsa kuti loader isazindikire. Kernel sifufuza mu PATH, imafuna njira yonse, n'chifukwa chake anthu amalemba `#!/usr/bin/env python3` kuti `env` ndiye ifufuze. Linux imatenganso zonse zotsatira dzina la womasulirayo ngati mawu amodzi, kotero `#!/usr/bin/env python3 -u` siyenda. Pamafunika `env -S`, imene inabwera mu coreutils 8.30. Ndipo mzerewo uyenera kukwana m'ma byte 256 aja. Womasulira akhoza kukhalanso script yoitana wina, koma kernel imalola kubwereza koteroko maulendo ochepa okha, kuopa kuti mafayilo awiri angamangoitanana mpaka kalekale.

Script yanga ilibe #! koma ikuyenda. Ndiye zonsezi n'zachiyani?

Kernel inaikana, koma shell inakuchitirani chifundo. Bash ikalandira `ENOEXEC` imasuzumira m'fayilomo, ndipo ikaona kuti ndi mawu wamba imaiwerenga yokha ngati script ya shell. Musadalire zimenezi. Tsiku limene script yomweyo idzaitanidwe ndi systemd, imene imayambitsa mapulogalamu kompyuta ikamayaka, kapena ndi pulogalamu ina imene imapempha kernel mwachindunji, idzakanidwa.

Chifundo chomwechi n'chimene chimabweretsa uthenga wodabwitsa wakuti "syntax error near unexpected token" wotchula `<!DOCTYPE html>`. Pamenepo simunatsitse pulogalamu. Mwina bandulo inatha, mwina adiresi inali yolakwika, ndipo chimene chinasungidwa ndi tsamba la intaneti lokhala ndi dzina la pulogalamu. Bash ikuyesa kuwerenga HTML ngati malamulo ake.

Nanga "Permission denied"?

Apa ma loader sanafunsidwe n'komwe. Kernel inaima pakhomo. Mwina fayilo ilibe chilolezo choyendetsedwa, ndipo `chmod +x` ikonza. Koma ngati fayilo ili pa fulashi ya FAT32 kapena exFAT, `chmod` siigwira, chifukwa mafulashi oterowo alibe malo osungira chilolezocho. Mwinanso disikiyo inalumikizidwa ndi lamulo la `noexec`. Kuno timapatsana mapulogalamu pa fulashi tsiku ndi tsiku poti data ndi yodula, choncho vutoli ndi lathulathu. Koperani fayiloyo mu foda yanu ya home, chitani `chmod +x` kumeneko.

Mwatchula binfmt_misc kangapo. Imachita chiyani?

Imeneyi ndi imene ndimaikonda koposa. Anailemba ndi Richard Günther, ndipo inalowa mu Linux mu 1997. Ma loader ena anabadwa akudziwa mtundu umodzi, koma iyi ili ngati kope lopanda kanthu limene mwini kompyuta amalembamo kuti: fayilo yoyamba mwakutimwakuti, kaipereke kwa pulogalamu yakutiyakuti. Kopelo lili mu `/proc/sys/fs/binfmt_misc`. Lembani `ls` pamenepo muone zimene zinalembetsedwa kale pa makina anu. Pa Ubuntu kawirikawiri mupezamo ya Python.

Kulembetsa ndi kutumiza mzere umodzi ku fayilo ya `register` imene ili momwemo. Mzerewo uli ndi magawo olekanitsidwa ndi madontho awiri: dzina, mtundu wa chizindikiro, poyambira kuwerenga, chizindikirocho, mask, womasulira, ndi ma flag. Mtundu ukakhala M ndiye kuti ayang'ane ma byte, ukakhala E ayang'ane mchira wa dzina. Mzere wakuti `:DOSWin:M::MZ::/usr/bin/wine:` ukuuza kernel kuti fayilo iliyonse yoyamba ndi MZ aipereke kwa Wine, pulogalamu yoyendetsa mapulogalamu a Windows pa Linux. Mukatero mutha kuyendetsa .exe pa terminal ngati pulogalamu ya Linux. Kernel sinaphunzire Windows ayi, yangodziwa woti amutume. Zimene mwalembetsa pamanja zimafufutika mukazimitsa kompyuta. Kuti zikhalitse, ikani mzerewo mu fayilo ya .conf mu `/etc/binfmt.d`, ndipo systemd izilembetsa yokha poyatsa.

Kumene kumaonekera mphamvu yake yeniyeni ndi pa QEMU. Mukaika qemu-user-static, imalembetsa chidindo cha ELF pamodzi ndi nambala ya purosesa yachilendo, monga 183 ija. Mask ndi imene imathandiza kuti ma byte ena apakati asawerengedwe. Poti `binfmt_misc` imafunsidwa koyamba, imaitola fayilo ya ARM loader ya ELF isanaione n'kuikana, ndipo imaipereka kwa QEMU imene imamasulira malangizo a ARM kukhala a Intel pulogalamu ikuyenda. Imayenda pang'onopang'ono, koma imayenda. Kwa wophunzira wa kuno amene akufuna kupanga pulogalamu ya Raspberry Pi koma alibe ndalama yogulira kachipangizoko, imeneyi ndi njira yoti ayambe lero pa laputopu imene ali nayo. Docker imadaliranso njira yomweyi popanga ma image a purosesa zosiyanasiyana pa makina amodzi.

Pa ma container pali flag ya F, imene inabwera mu Linux 4.8 mu 2016. Popanda iyo, kernel imafufuza QEMU panthawi yoyendetsa, ndipo m'kati mwa container imapeza kuti mulibe. Ndi F, kernel imatsegula womasulirayo panthawi yolembetsa n'kumugwiririra, choncho amapezeka kulikonse.

Mitundu iwiri ikalimbirana chizindikiro chimodzi, wolembetsa pomaliza ndiye amafunsidwa koyamba. Zimachitika ndi Wine ndi Mono, yoyendetsa mapulogalamu a .NET pa Linux, poti mapulogalamu a .NET nawonso amayamba ndi MZ. Amene mumagwiritsa ntchito WSL, njira yoyendetsera Linux m'kati mwa Windows, mwaigwiritsa kale ntchito loader imeneyi osadziwa: mukalemba `notepad.exe` pa terminal ya Ubuntu n'kutseguka, ndi chifukwa cha mzere wotchedwa WSLInterop umene uli m'kope lomwelo.

Kodi palibe ngozi pamenepa?

Ilipo, ndipo muisamale. Wotha kulemba m'kope limenelo angathe kulanda fayilo ya mtundu uliwonse loader yake yeniyeni isanaione. N'chifukwa chake pa kompyuta wamba amalembamo ndi root yekha, akaunti ya mphamvu zonse. Ngozi yaikulu kwa wophunzira ndi kudzitsekera kunja: mukalembetsa chidindo cha ELF ndi mask yotakata kwambiri, mpaka kugwiranso mapulogalamu a purosesa yanu yomwe, ndiye kuti `ls`, `sudo` ndi womasulirayo mwini zonse zizitumizidwa kwa womasulira, ndipo palibe chimene chidzayambe. Mwayi wake ngwakuti mukalembetsa pamanja, kuzimitsa ndi kuyatsanso kumachotsa. Yesani kaye pamanja musanalembe mu `/etc/binfmt.d`. Kuchotsa mzere umodzi ndi kutumiza `-1` ku fayilo ya dzina lake, ndipo `0` imangouimitsa.

Dziwaninso kuti Linux siilemekeza setuid, chizindikiro choyendetsa pulogalamu ndi mphamvu za mwini fayilo, pa ma script. Ngakhale mutaika chizindikirocho pa fayilo ya `#!`, iyenda ndi mphamvu za amene waiyendetsa, osati za mwini fayilo.

Loader ikavomera, kodi zingalepherekenso?

Inde, ndipo pamenepo uthenga umasintha mtundu. Loader ya ELF imayamba yaona zonse zimene ingathe process yakale idakali yamoyo, kuti pakavuta ibweze yankho kwa shell. Koma pali malire amene ikawadutsa, memory ya process yakale imatayidwa kuti yatsopano ilowe. Chikavuta kupitirira pamenepo palibenso wobwererako kukamuuza, ndiye kernel imangoipha process. Fayilo imene inaduka pakati potsitsa, magetsi atathima kapena netiweki itagwa, imatha kuchita zotere: mutu wake uli bwino, loader yavomera, koma thupi ndi loperewera, ndipo mumaona "Segmentation fault" kapena "Bus error". Apa ndi pamene kutsitsanso kuli ndi nzeru. Tsimikizani kaye poyerekeza `sha256sum` ndi nambala imene eni pulogalamu anaika pa tsamba lawo, ndipo gwiritsani ntchito `wget -c` kuti ipitirize pamene inalekezera.

Ukakhala uthenga wakuti "error while loading shared libraries", umenewo sukuchokera kwa kernel. Kernel inamaliza ntchito yake. Akulankhulayo ndi wolumikiza uja, ndipo amatchula dzina la library imene waisowa.

ELF inachokera kuti?

Inapangidwira Unix System V Release 4 chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Linux inayamba ndi mtundu wakale wotchedwa a.out, umene unkavuta kwambiri popanga ma library ogawana, ndipo inasamukira ku ELF cha m'ma 1995. Loader ya a.out inakhalabe mu kernel zaka zambiri mpaka anaichotseratu mu 2022. Dzinalo lidakalipo: mukalemba `gcc moni.c` osatchula dzina la chotuluka, mumapeza fayilo yotchedwa `a.out`, koma m'kati mwake ndi ELF.

Ma system ena amachitanso chonchi?

Maganizo ake ndi ofanana, kachitidwe n'kosiyana pang'ono. FreeBSD ilinso ndi mzere wa ma loader, koma poti imatha kuyendetsa ELF yake komanso ya Linux, imafunika kudziwa kuti ELF iyi ndi ya ndani. Imayang'ana zizindikiro zina m'mutu mwa fayilo, ndipo ili ndi lamulo la `brandelf` lodindira fayilo. MacOS imagwiritsa ntchito Mach-O, ndipo fayilo imodzi ikhoza kunyamula mapulogalamu awiri, wa Intel ndi wa ARM, kernel n'kusankha woyenera makinawo. Zimenezi zinathandiza pamene Apple inayamba kusamukira ku purosesa zake za M1 mu 2020. Pa Windows, mchira wa dzina ndi umene umauza Explorer chochita mukadina kawiri, koma poyambitsa process amawerengabe m'kati: MZ poyamba, kenako pa byte ya 60 pali nambala yolozera kumene kuli mutu weniweni woyamba ndi zilembo PE.

Foni yanga ya Android ndi Linux. Bwanji pulogalamu ya ARM imene ndatsitsa ikukana mu Termux?

Achimwene ambiri amene alibe laputopu amaphunzirira pa foni kudzera mu Termux, pulogalamu ya terminal ya Android, ndipo funsoli limabwera pafupipafupi. Kernel ya m'foni ndi Linux ndithu, ma loader ake ndi omwewo, ndipo nambala ya purosesa ikhoza kugwirizana bwino. Chosiyana ndi wolumikiza. Android ili ndi libc yakeyake yotchedwa Bionic, ndipo wolumikiza wake ali pa `/system/bin/linker64`. Pulogalamu ya arm64 yopangidwira Debian kapena Raspberry Pi ikuitana `/lib/ld-linux-aarch64.so.1`, imene pa foni kulibe, ndiye mumalandira uthenga uja wakuti fayilo palibe. Ikani pulogalamuyo kudzera mu `pkg install` ngati ilipo, kapena funani imene anaipanga static, yonyamula ma library ake m'thupi mwake ndipo yosaitana wolumikiza aliyense.

Ma script nawonso amatha kugwa pa chifukwa chofanana, poti pa Android kulibe `/bin/bash` kapena `/usr/bin/env` pamalo amene Linux ina imaziika. Termux ili ndi `termux-fix-shebang` yokonza mzere woyambawo. Ndipo fayilo ikakhala mu foda ya Download, ya m'malo osungira amene mapulogalamu onse a m'foni amagawana, siyenda ngakhale mutachita `chmod` kangati. Isamutsireni kaye mu home ya Termux, ndiye muyese.